Kodi anapiye aamuna ndi aakazi ndingawasiyanitse bwanji akadali aang'ono?

Mayi wa ku Dedza:
Ndimaweta nkhuku zachikuda kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chino ndinagula tambala wa Mikolongwe kuti mtundu ukuleko. Matadzi awiri aswa anapiye 17 omwe tsopano akwanitsa masabata awiri. Ndikufuna kusunga misoti yoti idzaikire ndi kugulitsa aamuna msanga, chifukwa gaga wakwera mtengo. Apongozi anga akuti mukamuzondotsa mwanapiye pomugwira miyendo, wamwamuna amadzutsa mutu pomwe wamkazi amangolendewera, ndipo ena akuti dzira losongoka ndilo limaswa tambala. Kodi pali njira yodalirika?

Mlimi wa ku Chiradzulu:
Mayi, njira ziwirizo musazidalire, ngakhale kuti apongozi anuwo simungawatsutse pamaso. Thadzi lililonse limaikira mazira ooneka mofanana nthawi zonse, kaya osongoka kaya obulungira, koma mwa mazira omwewo mumatuluka atambala ndi misoti yomwe. Kuzondotsa nako kumangosonyeza mwanapiye wamphamvu ndi wotopa.

Pa nkhuku zathuzi chofunika ndi kudikira mpaka anapiye afike masabata 5 kapena 6. Nthawi imeneyo yang'anani pamutu. Lipombo la wamwamuna limayamba kutukuka ndi kufiira, ndipo timinofu tapansi pa mlomo timayamba kulendewera, pomwe la wamkazi limakhalabe laling'ono ndi lotumbuluka kufikira atayandikira kuikira. Miyendo ya wamwamuna imakhala yonenepa, amaima chowongoka, ndipo mudzawaona awiri akuyang'anizana atafufumitsa nthenga za m'khosi. Pofika miyezi itatu kapena inayi palibenso chokayikitsa, chifukwa nthenga za m'khosi ndi za pamsana pafupi ndi mchira zimakhala zazitali ndi zosongoka pa tambala, pomwe za msoti zimakhala zobulungira kunsonga.

Poyerekeza, tengani anapiye a thadzi limodzi, popeza mwanapiye wamkazi amene watengera kwambiri Mikolongwe angathe kukhala ndi lipombo lalikulu kuposa wamwamuna wachikuda wa msinkhu womwewo.

Wogwira ntchito yoswetsa mazira, Lilongwe:
Ndigwirizane ndi bambo a ku Chiradzulu, koma ndifotokoze chifukwa chake makampani amatha kusiyanitsa anapiye a tsiku limodzi pamene ife kunyumba sitingathe. Nkhuku zambiri za mazira zofiirira zimaberekedwa mwadala kuti mwanapiye wamkazi abadwe wofiirira ndipo wamwamuna abadwe woyera. Mitundu ina amaiyang'ana phiko: akalitambasula, wamkazi amakhala ndi mizere iwiri ya nthenga yosiyana kutalika, pomwe pa wamwamuna mizereyo imalingana. Izi zimatheka pokhapokha tambala wa mtundu womera nthenga msanga atakwera thadzi la mtundu womera nthenga mochedwa, ndipo zimaoneka m'masiku oyambirira okha. Nkhuku zongokwerana pabwalo sizitsata dongosolo limeneli, choncho njirayi ingakunamizeni.

Palinso njira yoyang'ana potulukira chitosi, yomwe inayambira ku Japan ndipo inafala m'zaka za m'ma 1930. Ndi yolondola m'manja mwa katswiri, koma imafuna maphunziro aatali, ndipo munthu wosaidziwa akafinya kamimba ka mwanapiye angathe kumuvulaza kapena kumupha kumene. Chonde musaiyese.

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Ndiye kuti ndiziwadyetsa onse kwa mwezi wina wathunthu?

Mayi wa ku Mchinji:
Inde amayi anzanga, ndipo simuluza kanthu. Mwanapiye wa masabata awiri alibe mtengo, pomwe tambala wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi amagulidwa bwino, makamaka nyengo ya Khirisimasi. Yembekezerani kuti pafupifupi theka la anapiyewo adzakhala aamuna, ngakhale kuti pa thadzi limodzi zimatha kupendekera mbali imodzi. Amene mwayamba kumukayikira kuti ndi wamwamuna mumangeni kaulusi kofiira kumwendo, mosathinitsa, ndipo muzikamasula akamakula. Tambala mmodzi amakwanira matadzi 8 mpaka 10, koma tambala woti musunge asakhale wa m'gulu lomweli. Ndi bwino kusinthana ndi mnansi kuti abale asamakwerane. Pakadali pano adonthezereni onse m'diso katemera wa chitopa wa I-2, ndipo muwatsekere m'kakhola kuti mphamba asawatole.