Coral akufota m'thanki yanga kuno ku Mzuzu, ndimupulumutse bwanji?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni msanga. Ndili ku Chimaliro, ndipo ndikusamalira thanki ya madzi amchere ya malita 120 imene achimwene anga anandisiyira popita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Mbuna za m'nyanja yathu ndazisunga zaka zambiri, koma za coral, zamoyo za m'nyanja zamchere zimene zimamera pamiyala, ndikuphunzira kumene. M'thankimo muli tinsomba tiwiri ta clownfish, nkhono zingapo, ma zoanthid (tizamoyo tofewa tooneka ngati maluwa) pamwala umodzi, ndi coral wa chigoba cholimba wotchedwa hammer, wa nthambi, wa mitu isanu. Amene akundisowetsa tulo ndi hammer ameneyu.

Kale nyali ya thanki ikangoyaka, ankafufuma mpaka chigoba osaoneka, timanja take tikuvina ndi madzi. Pano mitu iwiri yanyala, mnofu wabwerera m'kati, m'mphepete mwatulukira chigoba choyera chakuthwa. Lero m'mawa ndapeza pamutu umodzi pali zinthu zonanda zabulauni, ndipo nditazikhudza ndi kapaipi zinayoyoka pamodzi ndi mnofu. Mitu itatu yotsalayo ikadali yobiriwira koma siikutseguka bwino.

Mchere uli pa 1.025 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere), calcium 420, nitrate cha m'ma 10. Mankhwala oyezera alkalinity kapena kuti KH (kuchuluka kwa ma carbonate amene coral amamangira chigoba) anatha. Madzi ndimathira a RO okhaokha (osefedwa kwambiri), a kamakina kamene achimwene anasiya. Chimene chasintha ndi nyengo. Mukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mwezi wa July, ndiye magetsi akazima madzulo, m'mawa ndikumapeza thermometer ili pa 19, masana hita n'kukweza madzi kufika pa 26.

Kodi ndidule mutu wodwalawo, kapena ndiusiye mwina uchira? Ndisinthe madzi ochuluka bwanji? Achimwene anamulera coral ameneyu kuchokera pa mutu umodzi, sindikufuna afere m'manja mwanga.

Woyankha wa ku Luwinga: Achimwene, thiranimo mankhwala aja timathirira mbuna zikadwala matenda a timadontho toyera, kenako musinthe theka la madzi. Ine nsomba zanga zimachira choncho.

Woyankha wa ku Durban: Ayi chonde, musathire! Bambo a ku Luwinga akunena ndi mtima wabwino, koma ambiri mwa mankhwala amenewo amakhala ndi kopa (mkuwa), ndipo kopa amapha coral ndi nkhono ngakhale akhale wochepa kwambiri. Amalowereranso m'miyala, thanki yonse n'kuwonongeka.

Ine ndimagwira ntchito mu shopu ya nsomba za m'madzi amchere kuno. Zonanda zabulaunizo ndi matenda otchedwa brown jelly, ndipo amakonda ma coral a mtundu wa hammer, torch ndi frogspawn. Amagwira pamene mnofu wavulala kapena wafooka, ndipo amatha kudya mutu wonse tsiku limodzi kapena awiri n'kudumphira pa unzake. Mutu umenewo wapita kale, achimwene. Ntchito yanu usiku uno ndi kupulumutsa otsalawo.

Zimitsani mapampu kaye kuti zonandazo zisamwazike. Ziyamweni ndi kapaipi ka mpweya zitulukire kunja m'ndowa, osaziuzira m'madzi. Tulutsani coral mumuike m'beseni la madzi a m'thanki, mudule nthambi ya mutu wodwalawo pansi kwambiri, pamene pali chigoba chokhachokha, ndi pulayala kapena sowo ya zitsulo. Mwayi wanu ndi woti hammer wanu ndi wa nthambi. Akanakhala wa khoma, amene mnofu wake ndi umodzi wolumikizana, bwenzi nkhani ili yovuta. Kenako muviike otsalawo mu ayodini. Ayodini wotchedwa Lugol's akasowa, Betadine wa ku famase amathandiza. Donthetsani m'madzi a m'thanki mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wosungunuka kwambiri, muviike mphindi 5 mpaka 10, mutsukuluze m'beseni lina, madzi onsewo mutaye. Pobwezera muike coral m'munsi, pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono, osati moyang'anana ndi pampu chifukwa mnofu umang'ambika pachigoba chake chomwe.

Valani magolovesi. Ma zoanthid ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndiye mwala wawo musaukhudze muli ndi bala, ndipo musadzayerekeze kuuwiritsa kapena kuuthira madzi otentha.

Mwini funso: Zikomo kwambiri achemwali. Ndiye chayambitsa ndi kuzizira komweku?

Woyankha wa ku Durban: Ine ndikuloza kumeneko. Coral ndi nyama, koma chakudya chake chambiri amachipeza kwa tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae timene timakhala mu mnofu wake n'kumapanga chakudya ndi kuwala. Ubale umenewu umafuna madzi okhazikika, cha pa 25. Ngakhale m'nyanja zamchere, matanthwe a coral samera kumene madzi amatsika pansi pa 18. Inu mukumufikitsa pafupi pamenepo usiku, masana n'kumukweza madigiri 7, mawa chimodzimodzi. Kukwera ndi kutsika kumeneko n'kumene kwamufooketsa. Mbuna zimapirira zinthu zotere, n'chifukwa chake anthu ozolowera nsomba za ku Nkhata Bay amadabwa. Mukadula koma osakonza za usiku, matendawa abweranso.

Woyankha wa ku Katoto: Za usikuzo ndiyankhe ine, popeza ntchito yanga ndi ya sola. Anthu amathamangira kulumikiza hita ku inveta, koma werengani kaye. Batire ya 100Ah pa 12V imasunga pafupifupi 1,200Wh, ndipo ngati ndi ya asidi mumayenera kugwiritsa theka lokha kuti isafe msanga. Hita ya 100W ikamayaka osapuma imamaliza theka limenelo m'maola 6. Pampu yaing'ono ya 5W kapena 10W ikhoza kuchezera usiku wonse osavuta. Ndiye batire ipatseni pampu poyamba, chifukwa madzi akaima mpweya umatha ndipo nsomba zimayamba ndizo kufa.

Kutentha kutetezeni kuti kusathawe. Pitani m'mashopu ogulitsa mafiriji ndi ma TV m'tauni mukapemphe zoyera zopepuka zija amatchinjirizira katundu m'makatoni, mumate kumbuyo, m'mbali, ndi kutsogolo usiku. Pamwamba fundani bulangete, kusiya kampata ka mpweya. Mukaona thermometer ikutsika, thirani madzi otentha m'mabotolo apulasitiki otsuka bwino, mutseke zolimba, muwayandamitse m'thanki n'kumasintha akazizira. Thanki ikhalenso kutali ndi zenera. Chimodzi chokha ndikukupemphani, musalowetse mbaula m'chipinda chotseka pofuna kufunditsa thanki. Utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo, ndipo moyo wanu ndi woposa coral.

Woyankha wa ku Luwinga: Za kopazo ndamva, pepani. Koma kusintha theka la madzi ndikuumirirabe. M'madzi mwalowa matenda, muwasiyiranji?

Woyankha wa ku Durban: Bambo, theka likhoza kuchitika ngati madzi atsopanowo akufanana ndi akale pa chilichonse. Vuto ndi loti achimwenewa sakudziwa alkalinity yawo. Imayenera kukhala cha pa 8 mpaka 9 pa muyeso wa dKH, ndipo siifunika kusuntha kuposa 1 patsiku. Ngati yawo yatsika kwambiri, n'kuthira mwadzidzidzi malita 60 a mchere watsopano, coral wofooka kale alandira chikwapu china. Asinthe malita 12 mpaka 15 okha, osakaniza dzulo lake, ofunda mofanana ndi a m'thanki, mchere pa 1.025 pomwepo, abwereze pakapita masiku angapo. Soda wophikira, amene amakweza alkalinity, asathire mongoganizira asanayeze.

Achimwene anu a ku Johannesburg akutumizireni pa basi choyezera alkalinity cha kampani ya Salifert, mchere ndi makala osefera madzi. Koma coral wamoyo asamuike m'katundu. Ma coral onse a chigoba cholimba ali pa mndandanda wachiwiri (Appendix II) wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, ndiye kuwadutsitsa malire kumafuna chilolezo.

Mwini funso: Ndadula. Mutuwo umanunkha zowola, ndautaya kutali. Wachiwiri uja ulibe zonanda, ndiye ndauviika pamodzi ndi enawo, koma ndaudula nawonso n'kuuika pawokha mbali ina ya thanki. Zoyera zomatazo ndapeza kwa mnzanga, bulangete ndafunda kale. Achemwali, ayodini ndibwereze mawa kapena ndidikire? Nanga nyali ndiichepetse?

Woyankha wa ku Durban: Mwachita bwino kuupatula. Mawa musaviike ngati zonanda sizinabwerere, kumutulutsatulutsa kumamuvulaza. Muziona m'mawa ndi madzulo ndi tochi, makamaka pakamwa pa mutu uliwonse ndi m'mphepete mwa chigoba. Nyali itsitseni pang'ono, iziyaka maola 8, ndipo musamudyetse mpaka atayambanso kufufuma.

Mwini funso: Yewo chomene nonsenu. Katundu wa pa basi atenga nthawi, ndiye ngati alipo wina kuno ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay amene ali ndi choyezera alkalinity, ngakhale cha KH cha madzi a mbuna, andilembere ku inbox. Ndibwera ndekha ndi madzi m'botolo.