Wandilonjeza ukwati koma akuti ndilipire katundu ku eyapoti, ndi munthu weniweni ameneyu?

Mayi_wa_kaunjika

Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga waima. Ndine mayi wa ana awiri, bambo awo anamwalira 2021, ndimagulitsa kaunjika ku Lilongwe. Mwezi wa Epulo mwana wa achemwali anga anandiikira app ya zibwenzi mu foni, akuti anti mwakhala nokha nthawi yaitali. Nde ndinapezana ndi bambo wina mzungu, akuti kwawo ndi ku Aberdeen ku Scotland, ndi injiniya, amagwira ntchito pokumba mafuta pakati pa nyanja, mkazi wake anamwalira ndi khansa ndipo mwana ali naye mmodzi wamkazi ali ku boarding. Tsiku lachiwiri lomwe anati tichoke pa app tizicheza pa WhatsApp.

Chimene chinandigwira mtima nchoti za kuno amazidziwa, anandiuza kuti dzina la Blantyre linachokera ku Scotland komwe anabadwira David Livingstone nde akuti ndi Mulungu amene watilumikiza. Mmawa uliwonse 5 koloko ndisanadzuke uthenga umakhala wafika kale, kufunsa ngati ana adya, ngati belo yatuluka bwino, tsiku lomwe wamng'ono anadwala malungo sanagone, ankangofunsa usiku onse. Ndisaname, chimwalirireni amuna anga palibe amene anandifunsapo choncho.

Video call amati kunyanjako netiweki imavuta komanso kampani siilola kamera. Tinayesa kamodzi, nkhope inaoneka mwina masekondi 10 milomo ikuyenda payokha mawu payokha kenako inaduka.

Sabata yatha anati wanditumizira bokosi, muli iPhone, laputopu ya mwana wanga wa Fomu 3, nsapato ndi envelopu ya mapaundi oti ndigule puloti tidzamange akabwera Disembala. Ananditumizira chithunzi cha bokosilo ndi risiti yolembedwa dzina langa. Dzulo wandiimbira bambo wina wolankhula Chichewa bwinobwino pa nambala ya 099, akuti ndi ejenti ku eyapoti ya KIA, katundu wafika koma ndilipire K380,000 ya msonkho pa foni lisanafike Lachisanu, ndikachedwa akuti apolisi andipeza chifukwa mubokosimo apezamo ndalama ndipo ndi mlandu. Ndalamayo ndili nayo, ndi yomwe ndakongola ku banki m'khonde yoti ndikaodere mabelo awiri. Chala chinali kale pa batani koma mtima ukukana. Ndipange bwanji?

WaMakompyuta_Ndirande

Asisi chonde osatumiza olo K500. Ndikuyankha mwachangu dala kuti muone musanapange kanthu. Bokosi kulibeko, ejenti uja ndi mzunguyo ndi gulu limodzi, mwinanso mzungu palibe nkomwe. Msonkho wa katundu wolowa mdziko muno ndi wa MRA ndipo umalipiridwa mwa dongosolo ndi risiti yawo, suponyedwa pa nambala ya munthu ngati mukugula tomato. Komanso makampani onyamula katundu salola ndalama za kashi mu phukusi, injiniya weniweni wa ku UK akanakutumizirani kudzera ku banki kapena Western Union inu nkukatenga ndi ID yanu osalipira kanthu. Nkhani ya apolisi ija ndi yongokuopsezani kuti musapeze mpata wofunsa anthu ngati mmene mwachitiramu.

Pangani izi madzulo ano. Tengani zithunzi zake zonse muziike pa Google Lens kapena TinEye, mwana wa achemwali anuyo akhoza kukuthandizani, muone ngati nkhope yomweyo sikutuluka ndi maina ena. Onaninso nambala yake, ya ku UK imayamba ndi +44, mukaona +234 ndi Nigeria, +233 Ghana, +27 ndi Joni, koma olo ikhale +44 musakhazikike mtima chifukwa manambala akunja amagulidwa pa intaneti munthu ali pa Chilinde pompa. Nambala ya tracking, yolondolera pomwe katundu wafika, muilembe nokha pa webusaiti yeniyeni ya kampani yonyamula katunduyo osati pa link imene wakupatsani iyeyo, amapanga mawebusaiti abodza oonetsa kuti katundu ali ku Lilongwe.

Video ya masekondi 10 ija inali yojambula kale. Masiku ano ena akuvalanso nkhope za eni pa kamera ndi AI, nde mukamuimbira muuzeni atembenuke cham'mbali, adutsitse dzanja kumaso, atchule dzina lanu ndi tsiku la lero. Za Livingstone zija aliyense akhoza kuziwerenga pa Wikipedia mu mphindi ziwiri.

Mlongo_wa_ku_Joni

Achemwali ndawerenga nkhani yanu misozi ikutuluka chifukwa ine batani lija ndinadina, katatu konse. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg, wanga anali msilikali wa ku America akuti ali ku Syria, nayenso mkazi anamwalira, nayenso kamwana kamodzi, nayenso wopemphera kwambiri moti ankanditumizira mavesi usiku ulionse. Patatha miyezi iwiri anati akufuna tchuthi abwere adzandione koma akuluakulu ake akufuna mkazi womutomera alembe kalata ndi kulipira fomu ya tchuthiyo. Ndinalipira R3,000. Kenako ya ndege. Kenako akuti wagwidwa pa eyapoti ina akufunika chindapusa. Ndalama zonse zomwe ndimasunga zoti ndikafolere nyumba ya amayi ku Mangochi zinathera pamenepo, malata mpaka lero sanagulidwe. Ndinadzamva mochedwa kuti asilikali a ku America salipira kuti apite ku tchuthi ndipo chibwenzi sichingamupemphere munthu tchuthi, asilikali eni akewo amachenjeza za zimenezi chifukwa zithunzi zawo zimabedwa kwambiri.

Chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, mukalipira K380,000 bokosi silituluka, mawa adzati pakufunika satifiketi ina, mkuja ya loya, ndipo inu mumapitiriza osati chifukwa ndinu opusa ayi koma chifukwa mumaona ngati mukasiya ndiye kuti zoyamba zija zapita ulele. Ine ndinabisa kwa miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale mng'ono wanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi sankadziwa, chifukwa bamboyo ankati anthu achita nsanje tisauze aliyense mpaka ukwati. Kodi inunso anakuuzani choncho? Ndipo nditamubuloka patapita sabata panabwera wina pa Messenger akuti amathandiza kubweza ndalama zobedwa bola ndilipire kaye pang'ono, anali omwewo, musadzamuyankhe.

BamboAkeJunior

Zonse zomwe anena anzangawa ndi zoona koma tisafike ponena kuti aliyense wa pa intaneti ndi mbava, ine mayi a kunyumba ndinawapeza pa Facebook ndipo chaka chino tikukwanitsa zaka 7 m'banja. Kusiyana kwake nkoti pasanathe masabata atatu tinakumana masana pa Limbe, iwo anabwera ndi mchemwali wawo, tinamwa Fanta aliyense nkubwerera kwawo, ndipo ndalama sitinapemphane mpaka ankhoswe atadziwana. Munthu wofuna banja amalakalaka kuonekera, uyu wa mayiwa miyezi yonseyi akungothawa kamera.

Ndiwauzenso amuna anzanga kuti izi si za azimayi okha. Mnzanga wa ku ntchito ankacheza ndi mtsikana akuti ali ku Mzuzu, anatumiza thiransipoti ya basi kanayi, tsiku lililonse loti abwere kumagwa zovuta, lero agogo agonekedwa, mawa chikwama chabedwa pa depoti, mapeto ake atamuimbira pa nambala ina anayankha ndi mwamuna. Ena amakunyengerera uwatumizire zithunzi uli maliseche kenako nkumati ukapanda kulipira tiziponya ku gulu la mpingo ndi kwa akazi ako. Ndi mtundu omwewo wa aja amatumiza mameseji oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, angosintha nyambo.

Mayi, musafufute kanthu. Jambulani ma screenshot a macheza onse, risiti yabodzayo ndi nambala ya 099 ija mupite nazo ku polisi, komanso muimbire kampani ya foniyo muwauze. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Ma SIM tinayamba kulembetsa 2018 koma akubawa amagwiritsa ma ID a anthu ena nde dzina lomwe lituluke pa nambalayo mwina si la iyeyo, komabe nenani kuti nambalayo itsekedwe isapweteke wina.

Agogo_a_Mvano

Mwana wanga, mufunseni bamboyo kuti nkhoswe yake ndani, akupatseni mbale wake mmodzi yekha mulankhule naye maso ndi maso pa foni. Ndipo ndalama ya banki m'khonde si yanu nokha, ikalowa m'madzi azimayi anzanu adzabwera kudzanyamula mapoto ndi matilesi pamaso pa ana. Kaodeni mabelo anu mawa mmawa ndalamayo isagonenso m'foni. Musachite manyazi, kufuna wokukondani si tchimo.

WaMakompyuta_Ndirande

Ndinaiwala chinthu chimodzi asisi, akaona kuti simukulipira akhoza kusintha nkunena kuti chabwino ndikutumizira ndalama ine iwe ungopatsira ejenti, kapena kukupemphani nambala ya akaunti kuti mnzake aponyemo. Kanani, zimakhala ndalama zobedwa kwa mayi wina ndipo apolisi akamatsata amafikira pa dzina lanu. Akapemphanso manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS osamupatsa, amalanda nawo akaunti nkuyamba kupempha ndalama abale anu mu dzina lanu. Ngati munamutumizira chithunzi cha ID mukanenenso zimenezo ku polisi.

Mayi_wa_kaunjika

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Mwana wa achemwali uja wabwera taika zithunzi pa Google, nkhope yomweyo yatuluka pa ma profile atatu maina osiyana, pena akuti dokotala pena woyendetsa sitima. Ndinamulembera kuti tipange video adutsitse dzanja kumaso ngati mmene mwanenera achimwene a ku Ndirande, wayankha kuti ndamukhumudwitsa, chikondi chopanda chikhulupiriro nchakufa, ndipo sindikuganizira mwana wake amene wayamba kale kunditchula mami. Pasanathe mphindi 5 ejenti uja waimba akuti abwana achita chifundo ndingolipira K200,000. Anadziwa bwanji kuti ndakayikira ngati sali limodzi?

Achemwali a ku Joni eee, anandiuzadi kuti ndisauze munthu, ndi chifukwa chake ndinabwera kuno mmalo mofunsa abale. Pepani ndi zomwe munakumana nazo, ndikupemphererani malata amenewo apezeke. ID sindinatumize koma chithunzi cha ana anga atavala yunifolomu ali nacho, baji ya sukulu ikuoneka bwinobwino, chimenecho ndi chomwe chikundisowetsa tulo pano. Mabelo ndaoda mmawa uno agogo, ku polisi ndipita Lolemba ndi achimwene anga. Sindinamubuloke panobe, ndikudikira ndimalize ma screenshot, koma lero 5 koloko ndinadzuka ndekha nkugwira foni ngati kale. Kodi kusukulu kwa anawa ndikawadziwitse aphunzitsi kapena ndikuopa zopanda pake?