Kodi contemporary ndi modern ndi chimodzimodzi?

Mtsikana wa ku Chilomoni:
Moni nonse. Ndili fomu 4, ndikukonzekera MSCE ndiye pali mawu awa a Chingerezi oti contemporary akundizunguza mutu. Dikishonale ya pa foni ikuti ndi modern, zamakono basi, koma mu notsi za history muli zoti contemporary reports za kuukira kwa John Chilembwe, nanga za mu 1915 zingakhale bwanji zamakono? Odziwa ndithandizeni chonde.

Mphunzitsi wopuma ku Zomba:
Mwanawe wafunsa bwino ndithu. Mawuwa kwawo ndi ku Chilatini, con ndiye kuti pamodzi, tempus ndi nthawi, ndiye tanthauzo lake loyambirira ndi loti za nthawi imodzi. Ukawapeza uzidzifunsa kuti nthawi imodzi ndi ndani? Mu notsi zakozo ndi nthawi imodzi ndi Chilembwe, akunena zomwe analemba anthu amene analipo nthawi imeneyo, monga makalata a amishoni, nyuzipepala za masiku amenewo, ndi lipoti la komishoni yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa kuti ifufuze nkhaniyi, lomwe linatuluka mu 1916. Buku loti munthu walemba chaka chatha pa za Chilembwe, olo likhale labwino chotani, silingalowe m'gulu limeneli.

Koma pakakhala kuti sanatchule munthu kapena nthawi ina iliyonse ndiye kuti akuyerekeza ndi ifeyo, contemporary Malawi ndi Malawi wa lero lino, apa mpomwe dikishonale yako ikunena zoona. Amagwiranso ntchito potchula anthu, Kamuzu, Kaunda ndi Nyerere anali ma contemporaries chifukwa ankalamulira nthawi imodzi ngakhale Kamuzu anali wamkulu kutalitali kwa anzakewo, ndiye usamati amsinkhu umodzi ayi.

Achimwene a ku Cape Town:
Aphunzitsi mwamasula bwino, ine ndingowonjezera za zojambulajambula poti kumeneko mawu awiriwa amasiyana kwambiri. Akati modern art sakunena za lero, akunena za akina Picasso, munthu woti anamwalira mu 1973, zimenezo ndi za m'mbuyo ndithu. Za anthu amene akujambula panopa ndiye amati contemporary art. Kuno ku Waterfront kuli nyumba yoonetseramo zojambulajambula yotchedwa Zeitz MOCAA yomwe inatsegulidwa mu 2017 mu nkhokwe yakale ya mbewu, C wa m'dzinamo akuimira contemporary, mukalowamo mumapeza ntchito za ojambula a muno mu Africa, ambiri ali moyo mpaka pano.

Mayi wa ku Area 25:
Achemwali pa kompozishoni samalani pamenepa, musamangosintha modern kuika contemporary kuti zimveke zakuya. Za makina, foni, ulimi wogwiritsa ntchito feteleza ndi mbewu ya haibridi, zipangizo za ku chipatala, zonsezi amati modern chifukwa mukuzisiyanitsa ndi zachikale. Mukalemba contemporary tractor wochonga akwinya nkhope. Contemporary imayenda bwino ndi nyimbo, magule, zolembalemba ndi nkhani za dziko, monga contemporary issues akamanena za kusowa kwa ntchito kapena kusintha kwa nyengo.

Mtsikana wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye aphunzitsi ndikalemba kuti Chilembwe and his contemporaries ndikunena anthu a nthawi yake eti, olo akhale a dziko lina?

Mphunzitsi wopuma ku Zomba:
Eya, dziko silikhudza. John Dube wa ku South Africa, yemwe anali pulezidenti woyamba wa chipani chomwe pano ndi ANC mu 1912, akulowa momwemo.