Utoto wofiira wa thabwa walowa m'paini: ndichite chiyani ndi tebulo la kasitomala?

Bambo Mwale, Glen View, Harare:
Akuluakulu anzanga pa ntchito ya matabwa, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Mwezi watha ndinagula matabwa asanu ndi limodzi kwa munthu wina amene anafika nawo pa lole, ndipo anandiuza kuti ndi mlombwa, uja anzathu a Chishona amautcha mukwa. Ndapangira tebulo lodyera la anthu asanu ndi atatu, ndipo m'mphepete mwake ndazunguliza kamzere ka paini woyera monga anafunira mwini wake. Dzulo nditangopaka sanding sealer (mankhwala otseka timabowo ta thabwa usanapake vanishi) ndi burashi, utoto wofiira unasungunuka m'thabwalo n'kuyenderera pa paini, moti mzere wonse tsopano ukuoneka ngati wathiridwa madzi otsukira nyama. Tebuloli likuyenera kuperekedwa Loweruka. Ndakhala ndikugwira mlombwa zaka zambiri, koma zotere sindinazionepo.

Bambo Phiri, Mbare:
Pepani achimwene. Tisanakambe za mankhwala, tiyambe tadziwa matenda. Mlombwa wa ku Lupane, kuno ku Zimbabwe, umene tonse tinaphunzirira ntchito umakhala wofiirira mopita ku golide, uli ndi mizere yoderapo, ndipo sulemera kwambiri m'manja. Tandiuzani, kodi utuchi wake unali wotani pamene munkacheka? Tengani zopalapala pang'ono, muziike m'kabotolo ka spiriti, mudikire mphindi zochepa, kenaka mutiuze mtundu wa spirityo.

Bambo Mwale:
Utuchi unali wofiira ngati dothi la katondo, ndipo malaya amene ndinavala tsikulo mayi a kunyumba achapa kawiri koma sanayere. Thabwa lake ndi lolemera kuposa mlombwa umene ndinazolowera. Ndayesa za spiriti zija, ndipo yafiira ngati magazi nthawi yomweyo.

Bambo Phiri:
Ndiye ine ndikuona kuti munagula mukula, osati mlombwa. Mitengo iwiriyi ndi ya pachibale, akatswiri mlombwa amautcha Pterocarpus angolensis, mukula amautcha Pterocarpus tinctorius, ndipo yonse ukaitema imatulutsa utomoni wofiira, koma mukula ndiwo uli ndi utoto wambiri mumtima mwake. Abemba a ku Zambia akhala akupera mtengo umenewu kuyambira kalekale kuti apeze ufa wofiira wotchedwa nkula, wodzola pa miyambo yawo. Utoto umenewo umasungunuka mu spiriti ndi mu thinasi, choncho burashi yanu, pokhala yonyowa ndi sealer, inkautola pa thabwa lofiira n'kukaupaka pa paini nthawi iliyonse imene munkaikoka. Dzanja lanu silinalakwe kanthu, koma thabwa limeneli silifuna burashi pa kupaka koyamba.

Bambo Chirwa, Highfield:
Kodi kupukuta painiyo ndi Jik sikungathandize? Ine ndinayeretsapo motero thabwa limene linadetsedwa ndi madzi a mvula.

Mayi Nabanda, Mufakose:
Bambo Chirwa, ndikupempha kuti njira imeneyo tiisiye. Ntchito yanga ndi yopaka vanishi basi, ndipo ndaona kuti Jik amadzutsa ubweya wa paini, amasiya mawanga, ndipo akangodontha pa thabwa lofiira amalichititsa zigamba zimene sizidzachokanso. Bambo Mwale, paini amamwa msanga, komabe utoto wobwera ndi sealer sulowa pansi kwenikweni. Dikirani ziume bwinobwino, kenaka mupale mzerewo ndi sikirepa yakuthwa, motsata maonekedwe a thabwa, mpaka kuyera kubwerere. Musagwiritse sandipepa wodutsa pa matabwa onse awiri, chifukwa fumbi lofiira lidzalowa m'timabowo ta paini ndipo mudzabwerera pomwe munayambira. Fumbi lotsala muliuluze ndi mpweya wa kompuresa, osati kupukuta ndi nsanza ya thinasi.

Mukatero, phimbani mbali yofiira ndi tepi ndi nyuzipepala, mupake paini yekha kawiri kuti atsekeke. Akauma chotsani tepi, ndipo tebulo lonse mulipopere sealer ndi gani yopopera utoto, kaŵiri kapena katatu, mopyapyala kwambiri ngati nkhungu ya m'mawa, kuti sealer aziuma asanapeze mpata wosungunula utoto. Ngati mulibe gani, bwerekani kwa anzanu a pa Area 8, pamalo a opanga mipando ku Glen View, musayesenso burashi. Muwauzenso eni tebulo kuti kufiira kowalaku kudzadera ndi dzuwa pakapita miyezi, kuti asadzati munawanyenga.

Bambo Phiri:
Mayi anena zonse za ntchito ya manja, ine ndiwonjezere za mapepala, pakuti pamenepa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Mukula sitiudziwa m'nkhalango za kuno ku Zimbabwe, umachokera ku Zambia, ku Congo, ku Tanzania ndi kumpoto kwa Malawi, ndipo wadulidwa mopanda chifundo chifukwa cha msika wa ku China. Dziko la Malawi ndilo linapempha kuti mtengowu utetezedwe, ndipo mu 2019, pa msonkhano wa ku Geneva wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe, unaikidwa pa Appendix II, kutanthauza kuti zipika ndi matabwa ake sizidutsa malire popanda chilolezo. Mu 2022 ku Panama anawonjezerapo mitundu yonse ya Pterocarpus ya mu Africa, mlombwa wathu uli momwemo, pamodzi ndi mbawa. Tsono munthu wobwera ndi mukula pa lole, n'kumautcha dzina lina, pa mtengo wotsika, akudziwa chimene akubisa. Ndinakulira pafupi ndi mlombwa ku Dedza, ndipo ndikukumbukira mmene kamtengo kake kamaphukira n'kuuma chaka ndi chaka, mizu yokha ikukula pansi, kasanayambe n'komwe kutalika. Thabwa limodzi lotambalala lili ndi zaka zoposa za ambiri a ife.

Bambo Mwale:
Mawu amenewo andilasa, bambo. Sindinafunse pepala lililonse, ndinangokondwa ndi kutsika mtengo kwake. Kodi matabwa awiri otsalawo ndichite nawo chiyani?

Bambo Phiri:
Musawagulitse kwa mnzanu, ndipo musawatumize kunja. Pitani ku Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango, mukafotokoze mmene munawapezera, iwo ndiwo akuuzeni chochita. Kuyambira lero, wogulitsa aliyense azikuonetsani chilolezo chonyamulira matabwa musanatulutse ndalama, ndipo risiti muzisunga. Kasitomala wanunso mumuuze dzina lenileni la mtengo umene adyerepo.

Bambo Mwale:
Ndabweranso kudzathokoza. Ndapala mzere wonse ndi sikirepa, ndipo paini wayera kupatula pa ngodya imodzi pamene utoto unalowa kumapeto kwa thabwa, pamenepo ndadula kachidutswa n'kuikapo katsopano. Ndapopera kawiri ndi gani yobwereka ndipo palibe chayenderera. Eni tebulo ndawaimbira, ndawauza kuti ndi mukula, ndipo avomera kulandira Lolemba m'malo mwa Loweruka. Mayi Nabanda, kodi ndidikire maola angati ndisanapake vanishi womaliza, poti kuno kwachita mitambo?

Mayi Nabanda:
Lisiyeni ligone usiku wonse, bambo. Mawa m'mawa mukhudze ndi nsanza yoyera youma, ndipo ikatuluka yopanda kufiira mupitirize.