Ndithandizeni pa mawu a Chingerezi oyamba ndi chilembo cha m

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Ndine bambo wa zaka 41 ndipo ndinabwerera kusukulu yamadzulo kuti ndilembenso mayeso a MSCE, chifukwa ulendo woyamba ndinalephera Chingerezi, ndipo monga mukudziwa, wolephera phunziro limeneli salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Ndinagula kope lalikulu n'kuyamba kukopera mawu a mu dikishonale, chilembo ndi chilembo, usiku uliwonse ana akagona. Kuchokera pa a kufika pa l ndinayenda bwino, koma pa m ndatha milungu itatu osasuntha.

Poyamba ndinkayesa kuti chilembo chimenechi sichindivuta, popeza mawu ake ambiri tinawatenga kale m'Chichewa, monga machesi, matiresi, mapu, makaniko, mesenjala ndi mochale. Nditafika pa "match" ndinapeza kuti kupatula kamtengo koyatsira moto, liwuli limanenanso mpikisano wa mpira komanso kugwirizana kwa zinthu ziwiri, monga malaya ndi buluku. Liwu lakuti "mine" limatanthauza chinthu changa, mgodi, ndiponso bomba lokwirira pansi. Liwu lakuti "mean" ndilo landizunguza mutu kwambiri, chifukwa pena ndi kutanthauza, pena ndi munthu woumira kapena wouma mtima, ndipo m'masamu ndi avereji.

Chimene chinandichititsa manyazi chinachitika mwezi watha. Mnzathu wa kuntchito anataya mayi ake, ndipo pa khadi yachipepeso ine ndinalemba kuti "we are morning with you". Khadiyo itazungulira n'kufika kwa mlembi wathu, anandiitanira pambali n'kundionetsa kuti kulira maliro ndi "mourning", pamene chimene ndinalemba ine ndi m'mawa. Funso langa ndi lakuti, kodi ndiloweze matanthauzo onse a liwu lililonse, kapena njira imene ndatengayi ndi yolakwika kuchokera pachiyambi?

Yankho la mphunzitsi wopuma:

Bambo, khama lanu ndi lotamandika, koma dikishonale anaikonza kuti munthu azifufuzamo liwu limene wakumana nalo, osati kuiwerenga ngati nthano. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ophunzira amene ankakumbukira mawu ndi amene ankawalemba awiriawiri, lililonse m'chiganizo chakechake. Lembani "maize" pambali pa "maze", chimanga ndi njira zokhotakhota zosokeretsa. "Mail" pambali pa "male", makalata ndi mwamuna. "Marital" pambali pa "martial", za banja ndi za nkhondo. Musamalenso ndi "moral" ndi "morale", poti loyamba ndi khalidwe labwino kapena phunziro la m'nthano, pamene lachiwiri ndi mtima wolimba umene gulu limakhala nawo pogwira ntchito. Liwu lakuti "minute" mukalitchula kuti miniti ndi mphindi, mukalitchula kuti mainyuti ndi chinthu chaching'ono kwambiri, ndipo "minutes" za pamsonkhano ndi zolemba za mlembi.

Chimene chingakupindulitseni koposa ndi kudziwa timagawo toyambira mawu. Pamene pali mis- nthawi zambiri pali cholakwika, choncho "misunderstand" ndi kumva molakwa, "mislead" ndi kusocheretsa, ndipo "misuse" ndi kugwiritsa ntchito mosayenera. Kagawo ka mal- kamanena choipa, monga "malnutrition", kunyentchera chifukwa chosowa zakudya zoyenera. Ngakhale "malaria" anachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, chifukwa kale anthu ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya wa m'madambo. Mukadziwanso kuti mono- ndi chimodzi, multi- ndi zambiri ndipo micro- ndi chaching'ono, mudzamasulira nokha mawu ochuluka amene simunawaonepo.

Yankho la mayi wina wokhala ku London:

Ine ndingowonjezera liwu lakuti "mind", chifukwa linandipunthwitsa nditangofika kuno. M'kope mwanu mwina munalemba kuti ndi maganizo, ndipo n'zoona, koma munthu akakufunsani kuti "do you mind if I sit here?" akufunsa ngati zikuvuteni iye akakhala pamenepo, ndipo yankho lomulola ndi "no". Ine ndinkayankha "yes" ndikumwetulira, anthu n'kumachoka modabwa. M'masiteshoni a sitima zapansi panthaka amalengeza kuti "mind the gap", kutanthauza kuti samalani ndi mpata wa pakati pa sitima ndi pokwerera. Dziwaninso kuti mu "mortgage", ngongole yogulira nyumba, t satchulidwa.

Yankho la wophunzira wa Fomu 4:

Ndi ulemu wonse kwa aphunzitsi athu, ine sindikuona kuti kopelo alisiye. Bambo, tengani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo liwu lililonse limene mwalipeza mmenemo mulichonge m'kope mwanu, kuti mudziwe amene muyenera kuyamba nawo.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndatsegula tsamba latsopano ndipo ndalemba mawu awiriawiri okwana 14 pamodzi ndi ziganizo zake, kuyambira pa "morning" ndi "mourning" pomwepo. Komabe aphunzitsi, pali pena pamene ndakakamira. Mwana wanga akunena kuti "it may rain" ndi "it might rain" ndi chimodzimodzi, koma ine ndinaphunzira kuti "might" ndi wa nthawi yakale. Kodi pa mayeso ndikalemba limodzi m'malo mwa linzake adzandichotsera malikisi?