Ndimayamba majowajowa ndi moto, sabata yachitatu ndasiya. Ndithandizeni

Membala wobisa dzina:
Abale anga, dzina ndabisa dala chifukwa alamu anga ali m'gulu momwemuno, ndipo akangodziwa kuti ndi ine nkhaniyi ifika kwa apongozi dzuwa lisanalowe. Chaka chino chokha masewera olimbitsa thupi ndawayamba kanayi. Sabata yoyamba sindiphonya ngakhale tsiku limodzi, yachiwiri ndimachita kudzikoka, ikafika yachitatu nsapato zabwerera kunsi kwa bedi. Ndili ndi zaka 34, ana awiri. Sikuti ndine wonenepa kwambiri ayi, koma ndikakwera masitepe a kuntchito ndimafika pamwamba ndili wefuwefu moti mlonda anandifunsapo ngati ndikuthamangitsidwa.

Amuna anga ndi amene anandilonjeza mu Januwale kuti tizichitira limodzi. Anapita masiku awiri, lachitatu akuti msana. Msana womwewo mpira ukamaonetsedwa amadumpha nawo mpaka kudenga. Alamu anga aja anandipeza ndikudumpha chingwe kuseri kwa nyumba, anaseka mpaka kukhala pansi, ati mayi wa ana awiri kumadumpha ngati kamwana ka sukulu. Chingwecho ana anachidula pakati. Mng'ono wanga anabwereka thiraki suti yanga mu Epulo, mpaka lero ndi "ndibweretsa mawa". Galu wa aneba naye akangondiona ndikuthamanga amandisandutsa nyama. Sikelo ndinagula, ndimakwera m'mawa ndi madzulo, nambala ili pomwepo ngati inamatidwa.

Inu amene mwatha zaka mukuchita zimenezi, mtima woti mawa ndidzukenso mumautenga kuti? Kapena ine ndinangobadwa waulesi?

Mkulu wa Zitsulo:
Mayi, ine sindipsatira. Vuto si alamu anu, si galu, si bambo a kunyumba. Vuto ndi INU. Ine zaka 11 tsopano ndikudzuka 4 koloko m'mamawa, kaya kuli mvula kaya chisanu, palibe amene amandiombera m'manja. Tcherani alamu ya 4 koloko, foni muiike kutali ndi bedi kuti muzichita kuiyendera. Masiku 21 OSAPHONYA, thupi lizolowera lokha. Mukaphonya limodzi yambiraninso kuwerenga. Zina zonsezi ndi madandaulo a anthu osafuna.

Mfumu ya Pasofa:
Ndiye kuti alamu akhale awiri, ena oseka masana ena olira m'mamawa? Mayiyu mumupha kkkkk

Namwino Wopuma:
Mwana wanga, za galu tamva, za mng'ono wako tamva. Tsono tiuze: umachita masewera anji kwenikweni, mphindi zingati, nthawi yanji, ndipo umagona maola angati?

Mayi wa Mapasa:
Asisi musadandaule tilipo ambiri. Ine ndinalipira jimu ya chaka chonse poganiza kuti ndalamazo zizindiwawa ndiye ndizipita. Ndinapita kasanu. Tsiku loyamba mnyamata wophunzitsa anandichititsa zonjuta mpaka miyendo kunjenjemera, patatha masiku awiri kuchimbudzi ndimachita kugwira khoma kuti ndikhale pansi. Mnzanga amene tinalembetsa naye anasamuka osanditsanzika n'komwe, ndinangomva kwa anthu. Mpaka lero sitilankhulana, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mphunzitsi wa Sayansi:
A Zitsulo, za masiku 21 zimenezo musamaopseze nazo anthu. Zinachokera kwa dokotala wina wa ku America wokonza nkhope za anthu, Maxwell Maltz, amene mu 1960 analemba kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Sankanena za majowajowa. Amene anayesadi nkhani ya chizolowezi ndi Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London mu 2009. Anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense atasankha kachinthu kamodzi kochita tsiku lililonse. Pakatikati panapezeka masiku 66 kuti chinthucho chiyambe kuchitika chosachiganizira. Wofulumira anatenga masiku 18, ena kuwerengera kwake kunafika masiku 254. Ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Ndiye zoti akaphonya ayambirenso kuwerenga zija ndi zimene zimagwetsa anthu mphwayi: munthu waphonya Lachinayi, basi akuti ndalephera, sabata yonse yapita.

Mkulu wa Zitsulo:
Aphunzitsi, mabuku anuwo ananyamulapo chitsulo? Tumizani chithunzi cha mikono yanu tione masiku 66 anuwo.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Mikono yanga ikukwanira kunyamula choko, zikomo. Funso la mayiwa silikhudza mikono.

Gogo wa Gulu:
Ine changa ndi chimodzi. Mwana wamkazi sabwera pagulu la anthu masauzande kudzanena za msana wa mwamuna wake. Ukanafunsa za masewera akowo osatchula bambo, tikanakuyankha bwinobwino. Ana a masiku ano foni zakuchotsani manyazi.

Membala wobisa dzina:
Agogo pepani, koma dzina lawo sindinatchule. Ndipo zomwe ndanenazo n'zoona, dzulo lomweli anadumpha chigoli chitalowa mpaka kugwetsa tebulo.

Woyenda Pansi:
Nonsenu mukuzunguza munthu. Kuyenda basi! Mapazi 10,000 pa tsiku, foni imawerenga yokha. Ndipo masitepe akukuvutaniwo ndiye mankhwala anu. Ku London mu 1953 dokotala Jeremy Morris anayerekeza madalaivala a mabasi osanja ndi makondakitala awo. Makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe a m'basi tsiku lonse, ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi madalaivala ongokhala pampando. Panalibe jimu, panalibe chitsulo. Ine galimoto ndili nayo koma ndimaisiya patali dala.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Za Morris mwalondola. Koma 10,000 ija si lamulo la chipatala, inachokera ku dzina la kachipangizo kowerengera mapazi kamene kampani ina ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 1965. Kafukufuku wa I-Min Lee wa ku Harvard mu 2019, pa amayi achikulire oposa 16,000, anapeza kuti oyenda mapazi pafupifupi 4,400 pa tsiku ankamwalira mocheperapo kusiyana ndi oyenda 2,700, ndipo phindu linkakwera mpaka cha pa 7,500 kenako n'kuima. Anali amayi achikulire, inde, koma mfundo yake ndi yoti wochokera pa ziro asaope nambala yaikulu.

Woyenda Pansi:
Aphunzitsi inu positi iliyonse mumalowa ndi cholembera chofiira. Ine 10,000 yandithandiza, mundisiye nayo.

Thupi Labwino Lero:
Asisi osavutika ndi kuthamanga, ndili ndi malamba ochepetsa mimba, mumangovala mukugona. Bwerani ku inibokosi.

Namwino Wopuma:
Lamba amangokutulutsa thukuta, ukamwa madzi kulemera kuja kwabwerera. A adimini tachotsani uyu. Ndipo mwana wanga wofunsa, sunandiyankhebe.

Mkulu wa Zitsulo:
Kuyenda ndi kwa nkhalamba. Munthu wa zaka 34 azinyamula zitsulo. Ndipo wina wanena zoti anagwira khoma kuchimbudzi, ameneyo ndiye anali pa njira yabwino! Ululu umenewo ndi ulesi ukutuluka m'thupi. Ine ndinang'ambika mnofu wa paphewa chaka changa chachitatu, dokotala anati ndipume miyezi iwiri, ndinapuma sabata imodzi. Ndili pano.

Mfumu ya Pasofa:
Muli pano, nanga phewalo lili kuti?

Mkulu wa Zitsulo:
Limalira kukazizira koma likugwira ntchito. Iwe dzina lako lomwelo likukuchitira umboni.

Namwino Wopuma:
Achimwene a Zitsulo, zimene mwanenazo wina aziwerenga n'kudzipweteka. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera pakapita tsiku limodzi kapena atatu munthu atachita masewera achilendo n'kwachibadwa, kumatha kokha, ndipo ulendo wotsatira kumachepa. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, bondo lotupa, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, pamenepo munthu aime apite kuchipatala. Si ulesi umenewo.

Wothamanga Mochedwa:
Achemwali, ine ndinali ngati inu ndendende, moto wa mapesi. Chimene chinandisintha ndi kuchepetsa, osati kuwonjezera. Ndinatsatira ndondomeko ya Couch to 5K, yothandiza woyamba kumene kufika pothamanga makilomita 5, ya masabata 9, katatu kokha pa sabata. Sabata yoyamba umathamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, kubwereza mpaka mphindi 20. Ndinkachita manyazi kuti zimenezi ndi masewera ngati? Koma ndinkafika kunyumba ndisanatheretu, ndiye tsiku lotsatira silinkandiopsa. China, ndinasiya kudzifunsa ngati ndikufuna. Ndinangomanga kuti Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka ndikangofika kuchokera kuntchito, ndisanakhale pampando, ndivale nsapato. Tsiku lotopa ndimadziuza kuti mphindi 10 zokha, zikakwana ndikhoza kubwerera. Nthawi zambiri sindibwerera. Chaka chachitatu chino. Sikeloyo ibiseni, mwezi woyamba imangonyoza. Muziwerenga masitepe a kuntchito aja, muone tsiku limene mudzafike pamwamba mukutha kupereka moni.

Mayi wa Mapasa:
Zoti mnzako azikudikira panja zimathandizanso, bola asakhale ngati wanga uja.

Wokonda Gule:
Bwanji nonse mukunena zowawa zokhazokha? Tsekani chitseko, tsegulani nyimbo, vinani mphindi 30. Chinthu chimene umadana nacho sungachichite zaka. Ine kuthamanga ndimadana nako ngati ngongole.

Mkulu wa Zitsulo:
Kuvina! Masekondi 60! Gulu lino lasanduka sukulu ya mkaka. N'chifukwa chake anthu mukukhala ndi mimba ngati ng'oma. 4 KOLOKO, madzi ozizira kumaso, panja. Ndabwereza kachitatu tsopano.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'malangizo ake a 2020 likuti wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Apakatikati ndi aja oti ukutha kulankhula koma kuimba ayi. Kuvina kukulowa, kuyenda ndawala kukulowa, mapushapu ndi zonjuta zikulowa ku minofu. Za 4 koloko ndazifunafuna m'menemo sindinazipeze.

Mkulu wa Zitsulo:
Chifukwa olembawo amakhala ali mtulo.

Namwino Wopuma:
Kachitatu, mwana wanga. Masewera anji, nthawi yanji, tulo maola angati?

Membala wobisa dzina:
Pepani amayi, makomenti achuluka sindinaone. Ndimathamanga ola lathunthu tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Za 4 koloko sizingatheke chifukwa nthawi imeneyo ndimakhala ndili kuntchito, ndimagwira shifiti ya usiku, kulowa 7 madzulo kuweruka 7 m'mawa, masiku anayi kenako atatu opuma. Ndiye ndikaweruka ndimangosintha zovala n'kuyamba kuthamanga ndisanagone. Ndimagona cha m'ma 9, ana akabwera 1 koloko ndadzuka. Ikamafika sabata yachitatu kutsogolo kwa miyendo, m'munsi mwa mawondomu, kumawawa moti kuponda pansi ndi nkhondo. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Mfumu ya Pasofa:
Mayi inu!!! Mwatiuza za galu, za chingwe, za tebulo, koma zoti simugona mwazisunga ngati nambala yachinsinsi ya kubanki?

Namwino Wopuma:
Ndi nkhani yonseyo imeneyo. Wamkulu amafunika maola osachepera 7 a tulo, iwe ukugona anayi utaimirira maola 12, kenako ukuthamanga ola lonse masiku 7 pa sabata, thupi lisanazolowere ngakhale mphindi 15. Si mtima umene ukukuthera, ndi thupi likukuletsa. Kuwawa kwa kutsogolo kwa miyendo kumakonda kugwira anthu oyamba kuthamanga kwambiri mwadzidzidzi, makamaka pamalo olimba. Siya kuthamanga kaye mpaka kuleke. Ukaona kuti ululu uli pa kadontho kamodzi pafupa, kapena ukuwawa ngakhale utakhala, kapimitse, fupa limatha kuchita mng'alu. Ukachira, masewera uwaike pa masiku ako atatu opuma, utagona mokwanira, uyambe ndi zimene wanena Wothamanga Mochedwa. Masiku a shifiti ukaweruka kagone. Masitepe a kuntchito akukwanira.

Wothamanga Mochedwa:
Ndipo ngati masiku anu opuma amasinthasintha, musamange pa Lolemba ngati ine. Mangani pa chochitika: tsiku lopuma ndikadzuka, ndikamwa madzi, nsapato.

Mkulu wa Zitsulo:
Chabwino, za shifiti sindinadziwe. Ndiye 4 koloko YAMASANA. Koma 4 koloko.

Gogo wa Gulu:
Ndipo bambowo azilandira ana 1 koloko mwanayu agone. Pamenepo pokha ndiye ndawadzudzula.

Woyenda Pansi:
Mwaona, zathera pa masitepe anga omwe aja.

Maluwa a Dzulo:
Dikirani kaye. Shifiti ya usiku, ana awiri, chingwe chodulidwa, achimwene anga kugwetsa tebulo dzulo... Alamu, ndi inu eti? Ine sindinaseke kudumphako, ndinaseka chifukwa munakola ndowa ya madzi. Ndiimbireni mukadzuka.

Mfumu ya Pasofa:
A adimini musatseke positiyi chonde, ndakhala bwino pasofa.