Denga la buloko yathu likwere bwanji, nanga makoma aja tiwatani?

Mlembi: Akuluakulu, amisiri ayeza buloko ija. M'litali ndi mamita 15, koma m'lifupi gebulo imodzi ndi 8.00, inayo 8.20. Za denga sitinamvanenso: ena akuti likwere mita 1 pakati, ena akuti mamita 2. Tithandizeni matabwa asanadulidwe.

Kalipentala: Zikomo alembi. Theka la 8 ndi 4. Likakwera mita 1 pa mamita 4, phaso lililonse likhala mamita 4.12. Likakwera 2, likhala 4.47, kusiyana masentimita 35, ndipo malata nawo atalika chimodzimodzi. Ine ndikuti mita 1, tipulumutse zipangizo.

Injiniya: Achimwene, mita 1 pa 4 ndi madigiri 14 okha. Denga logona chotero madzi amatsika mwaulesi, ndipo mphepo ikawomba imawakankhira m'mwamba polumikizana malata, n'kudonthera mkati. Mudzakakamizika kusanjikiza malata kwambiri, phindu lija lithere pomwepo.

Msungichuma: Ndiye 2 pa 4 ndi madigiri 28 eti?

Mphunzitsi wa masamu: Ayi mayi, ndi 26.6. Kukwera kukawirikiza kawiri, ngodya siwirikiza nawo, imatsalira pang'ono. Bwanji tikumane pakati, 1.5 pa 4? Amenewo ndi madigiri 20.6, phaso mamita 4.27 tisanawonjeze lotulukira kunja kwa khoma. Koma chondidetsa nkhawa ndi masentimita 20 aja. Mizere iwiri yoyenda limodzi osakumana imatalikirana mofanana paliponse. Makoma athuwa akutasa. Mukakhoma mathirasi, mafelemu a matabwa onyamula denga, motsata khoma, msonga uli pamlingo umodzi, koyamba phaso likwera 1.5 pa 4, kumapeto 1.5 pa 4.1. Mapaso otsetsereka mosiyana sagona pamodzi, denga limapotoka, lata silikhala bwino pa linzake.

Kalipentala: Aphunzitsi, zimenezo n'zosavuta, tiyeza ndi tepi ngodya ndi ngodya modutsa pakati. Miyeso iwiriyo ikafanana, nyumba ili sikweya.

Mphunzitsi wa masamu: Pamenepo ndi pomwe ambiri amapusitsika, bambo. Makoma onse awiri akatasa mofanana, lina masentimita 10 uku, lina 10 uko, miyeso yodutsa pakatiyo ifanana ndithu ngakhale nyumba isali sikweya. Yambani mwaonetsetsa kuti mbali zoyang'anizana n'zofanana, 8 ndi 8, 15 ndi 15. Mukatero muyeze modutsa pakati, ndipo konse kuwiri papezeke mamita 17 ndendende, chifukwa 64 kuphatikiza 225 ndi 289, amene ndi 17 kuchulukitsa ndi 17.

Injiniya: Khoma tisagwetse. Kokani zingwe ziwiri pamwamba pa makoma, zotalikirana mamita 8 kumapeto konse, thabwa lonyamula mathirasi litsate chingwe, osati njerwa. Ngati khoma ndi la masentimita 23 ndipo thabwalo ndi la 10, patsala 13 osunthira, choncho 10 mbali iliyonse akwana. Koma kutasa konse kukakhala kwa khoma limodzi, 20 sakwana pa 13, ndiye tikambirananso. Pamwamba pa makoma payambe payezedwa ndi levulo.

Kalipentala: Ndavomera 1.5. Ubwino wake mathirasi onse afanana, ndiye ndipanga imodzi pansi ikhale chitsanzo. Phaso likumana ndi thabwa logona pa madigiri 20.6, ndi loimirira lapakati pa 69.4, pamodzi 90. Matabwa oimirira onse ali chilili mofanana, phaso liwadutsa pa ngodya yomweyo, choncho chikombole chimodzi chidula onse.

Mphunzitsi wa masamu: Thabwa lochirikiza phaso mukafuna likumane nalo mwa sikweya, tembenuzani manambala: likwere 4 pa 1.5, lopendekera mbali inayo.

Msungichuma: Malata tisaitanitse thirasi yachitsanzoyo isanayezedwe. Lata lalifupi silitalikitsidwa.

Wapampando: Zamveka. Amisiri akayezenso kuti tidziwe khoma lomwe latasa, manambala atumizidwe muno macheka asanakhudze thabwa.